Mawilo a Eni Ake

Shopu ya Haidari pa Nkhamenya inali ya makomo awiri. Khomo lakumanja linali la njinga: matayala opachika pamisomali, matcheni, masipoko ndi fungo la girisi. Lakumanzere linali la golosale ya mkazi wake Maimuna, momwe munali sopo, shuga ndi mafuta ophikira. Pakati panali khoma la matabwa, loti munthu akatsokomola uku, uko amamva. Choncho Maimuna ankadziwa bodza lililonse limene mwamuna wake ankanena pamalonda. Ambiri mwa mabodzawo anali achibwana, monga kuuza wakabaza kuti chubu n'cha ku Joni pamene anakachipikula pa Kasungu pomwepa, ndipo Maimuna ankangotsonya n'kupitiriza kuyeza shuga.

Njinga wamba Haidari ankazidziwa ndithu. Koma mtima wake unali pa njinga zampikisano, zija za handulo yopindikira pansi ndi matayala owonda ngati chala. Ankaonera mavidiyo a njingazi pafoni mpaka batire kutha, n'kumadzitcha katswiri, ngakhale kuti m'dera lonselo yeniyeni inalipo imodzi yokha.

Njingayo inali ya Agnesi, mtsikana wochokera ku Lukwa amene ankagwira ntchito ya zaumoyo pa kachipatala kena ka m'derali. Mchimwene wake Patrick, yemwe ankakonza njinga m'shopu ina ku South Africa, anaimanga yekha pang'onopang'ono, chiwalo chimodzichimodzi, n'kumutumizira pa basi. Chonyaditsa kwambiri chinali mawilo ake: akuda, a kaboni osati a chitsulo, malimu ogwira tayala otambalala ngati chikhatho, koma opepuka moti unkatha kunyamula ndi chala. Agnesi akasiya kupalasa, wilo lakumbuyo linkalira ngati njuchi zoputidwa mumng'oma. M'mamawa alimi ankayamba amva kulirako asanamuone. Azibambo ena ankang'ung'udza kuti mkazi wanji wovala kabudula pamsewu, iye osawacheukira n'komwe.

Njinga yachiwiri inabwera ndi Fumbani.

Fumbani anali venda wa fodya, wa mtundu uja wofika pakhomo pa mlimi mu Febuluwale nkhokwe zitauma, atanyamula sikelo m'manja ndi chisoni chabodza pankhope. Fodya amene ankagula ngati masamba a ndiwo ankakamugulitsa ku okishoni ngati golide. Chaka chimenecho msika unamukomera. Ali ku Lilongwe anaona mabwana a m'maofesi akupalasa Loweruka m'mawa atavala zothina, ndipo anabwerako ndi njinga yofiira pamwamba pa pikapu, chisoti, magalasi akuda ndi nsapato zomatirira kumapedulo. Posakhalitsa anakhazikitsa kalabu ya njinga n'kudzisankha yekha kukhala tcheya. Analengezanso mpikisano wochoka pa Nkhamenya kukatembenukira pa Chatoloma, wopambana adzatenge matumba a feteleza. Aliyense anaona kuti mwini matumbawo ankayembekeza kuti adzabwerera nawo kwawo.

Tsiku lina Agnesi anasiya njinga yake kwa Haidari kuti amuikire tcheni chatsopano ndi kukoka mabuleki mpikisano usanafike. Masana ake anatulukira Fumbani akukankha yofiira ija, thukuta lili kamukamu.

"Muli uli, amisiri?" anatero ndi kamvekedwe kake ka kumpoto. "Njinga iyi ikulemera pamtunda. Taioneni."

Kuseri kwa khoma, Maimuna ankadziwa chimene chinkalemera, poti mimba ya Fumbani inkafika pahandulo mwini wake asanafike. Koma Haidari anaipachika njingayo pachitsulo, anazunguza mawilo, napukusa mutu ngati dokotala waona nthenda yoopsa.

"A Tcheya, felemu iyi ndi yapamwamba, sindinama. Koma a shopu ya m'tauni anakuchenjererani. Amatero amenewo. Amatenga felemu ya dzina kuti maso akomedwe, kenako kuti mtengo utsike amachotsa mawilo ake enieni n'kuikapo otchipa. Magiya apakatikati, tcheni chapakatikati, matayala a bola kuyenda. Wogula amayang'ana penti, sayang'ana habu."

"Andipusitsa ine?"

Munthu amene ankapusitsa midzi yathunthu ndi sikelo anaoneka ngati walumidwa ndi mavu.

"Tanyamulani ili," anatero Haidari, akumupatsa wilo lakutsogolo la njinga yofiira. Kenako anamasula la njinga ya Agnesi. "Tsopano nyamulani ili."

Fumbani analinyamula, dzanja n'kukwera m'mwamba lokha chifukwa anali atakonzekera cholemera. Analitembenuza uku ndi uku, maso ali gwa.

"N'la ndani?"

"La a Agnesi a kuchipatala."

"Kamtsikana kaja? Ndiye kadzandipitirire pamsewu anthu akuona, ine mwini mpikisano?" Anatsitsa mawu. "Muwaike panjinga yanga."

"Aaa, a Tcheya, ndi a eni ake amenewa."

"Ndikungobwereka, dada. Tsiku limodzi. Likatha mubwezeretse, adziwa ndani? Tamverani. Kalabu ikufuna makaniki wake. Yunifomu, dzina lanu kumsana. Chikwangwani chachikulu pakhomo apa. Tikamapita ku mipikisano ya ku Lilongwe ndi ku Mzuzu, inu kutsogolo kwa pikapu, pambali panga."

Haidari anakhala chete. Maimuna ankaudziwa bwino mtundu wa chete ameneyo: si wa munthu amene akukana, koma wa nsomba imene ikununkhiza nyambo.

Fumbani atangochoka, Maimuna anazungulira n'kudzaima pakhomo la njinga.

"Bambo a Hasina, ndamva zonse."

"Mwamva chiyani? Kayezeni shuga wanu uko."

"Mwana wa eni wakusiyirani chuma chake chifukwa chokukhulupirirani, inu mukuchipereka kwa venda chifukwa cha malaya olembedwa dzina? Dzina lanu mwaliiwala, kuti anthu azichita kukuwerengerani kumsana?"

"Nkhani za njinga simuzidziwa, mayi a Hasina."

"Za njinga sindizidziwa, koma za kuba ndimazidziwa. Ndiye Lachisanu mukakhale mzere woyamba kumzikiti ndi manja omwewo."

"Si kuba, n'kubwereka."

"Wobwereka amagogoda pakhomo," anatero Maimuna, n'kubwerera kugolosale.

Agnesi anabwera m'mawa mwake ndipo anapeza njinga yake ili ndi mawilo achilendo, otuwa, a aluminiyamu. Anali a Fumbani.

"Achemwali, mwachita mwayi kuti ndaona msanga," anatero Haidari, nkhope ili yachifundo. "Tizitsulo ta m'habu, pakati pa wilo, tatha. Mukanakagwa nazo pamsewu. Ndaitanitsa tina ku Lilongwe, koma sitifika mpikisano usanachitike. Ndakuikirani awa mongoyembekezera. Ndi olimba."

"Koma ine sindinamve vuto lililonse. Dzulo lomweli amayenda bwinobwino."

"Khutu la mmisiri ndi lina, achemwali."

"Ndiwaone kaye."

"Ndawamasula kale, zonse zili mbwee. Ndatsekera mkati kuti fumbi lisalowe."

Agnesi anainyamula njingayo, namva kulemera kwake, nkhope inagwa. Koma Haidari anali atamukonzera njinga kuyambira tsiku limene inafika, ndipo anali asanamulakwirepo. Anathokoza. Potuluka anadutsira kugolosale kudzagula sopo. Maimuna anafuna kumuuza zoona, koma anakumbukira zimene anamulangiza tsiku la ukwati, kuti mkazi savula mwamuna wake pagulu. Anapereka sopoyo maso ali pansi, ndipo tsiku lonselo anakhala akukalipira makasitomala osalakwa.

Masiku otsatira Haidari ankagwira ntchito chitseko chili chotseka. Anasamutsa mano a magiya kuchoka pawilo lina kupita pa linzake kuti agwirizane ndi tcheni cha njinga yofiira. Anasintha timphira ta mabuleki n'kuikapo toyenera kaboni. Anamatula zilembo zonse za pamalimu, napukuta ulimbo wake mpaka mbee. Ntchitoyo anaigwira mwaluso, ndipo chimenecho n'chimene chinkamunyansa kwambiri Maimuna, kuti luso lonselo likuthera pa umbava.

Fumbani nayenso anali ndi zofuna zake. Chishalo chowonda chija ankati chikumudula, ndiye analamula kuti amuikire cha kabaza, cha masipuling'i. Handulo ankati ili pansi kwambiri, mimba ikusowa pokhala, ndiye aikweze. Haidari anachita zonsezo akudandaula chamumtima, ndipo njingayo inatuluka ngati munthu wovala suti ndi nkhwaira.

"A Tcheya, chinthu chimodzi chokha," anatero poipereka. "Malimu otambalala chonchi amakola mphepo ya m'mbali. Mwera wayamba. Mukanayesera kaye masiku angapo kuti muwazolowere."

"Ndiyesere kuti kamtsikana kandione? Mphepo imanyamula inu owonda. Ine ndine belo lathunthu la fodya."

Mpikisano unachitika Loweruka lina mu Julaye. Kunacha kozizira, mwera ukuomba mopanda chotchinga, poti minda inali yambee, mapesi a fodya atazulidwa n'kuunjikidwa m'mbali, zigafa zili pululu. Anthu anadzaza mbali zonse za msewu kutsogolo kwa mashopu. Panali anyamata a kabaza amene anamasula makaliyala kuti njinga zipepuke, panali azibambo angapo ochokera pa boma ndi njinga zawo zampikisano, panalinso Agnesi, mkazi yekhayo pamzere. Haidari anali atavala malaya atsopano achikasu olembedwa dzina lake molakwika, ndipo ankayendayenda ndi pampu kuti aliyense amuone.

Fumbani anafika pomalizira, monga achitira mabwana. Zovala zothina zinamufinya mpaka anaoneka ngati thumba la chimanga lomangidwa pakati. Anapalasa pang'ono, kenako anasiya kupalasa kuti akweze dzanja kupereka moni kwa anthu. Wilo lakumbuyo linayamba kulira ngati njuchi.

Agnesi anatembenuka msangamsanga. Anayang'ana mawilowo, anayang'ana Haidari. Haidari mwadzidzidzi anapeza chochita kuseri kwa pikapu.

"Bambo, mawilo amenewo mwawatenga kuti?" anafunsa Agnesi.

"Ndagula, mama. Kodi akuda ndi anu okha padziko?"

"Tsikani ndiwaone."

"Mukufuna kuchedwetsa mpikisano chifukwa mwachita mantha?" Fumbani anakodola mphunzitsi Ernest, amene anamupatsa wezulo kuti akhale woyimbira. "Aphunzitsi, tiyeni!"

Ernest, yemwe anali atalonjezedwa mpira wa sukulu, anaimba wezulo. Gulu lonse linanyamuka, ndipo Agnesi analibe kuchitira mwina koma kunyamuka nalo, mano atalumana.

Poyamba Fumbani anali patsogolo, chifukwa anyamata a kabaza ankaopa kupitirira munthu amene amagula fodya wa makolo awo. Nyumba ndi mashopu zinkatchinga mphepo, ndipo anthu ankamuona akupalasa mutu uli m'mwamba. Koma atangodutsa nyumba yomaliza, pamene minda imayambira, mwera unamupeza. Wilo lakutsogolo linagwedezeka. Fumbani anagwiritsa handulo, njinga inapita kumanja, inabwerera kumanzere. Nthawi yomweyo kunadutsa lole yodzaza mabelo a fodya, ndipo mphepo yake inamaliza ntchito. Njinga inasiya phula n'kulunjika m'ngalande. Fumbani anayesa kuponda pansi, koma nsapato zinali zitamatirira kumapedulo. Wilo lakutsogolo linamenya mwala wa pakalavati, phokoso lake ngati nsungwi yathyoka, ndipo tcheya anakagwera pamulu wa mapesi, miyendo m'mwamba, njinga ili pamwamba pake.

Zonsezi zinachitika anthu a pamsika akuona. Mayi wina wogulitsa tomato anaphulika nako kuseka, ndipo msika wonse unatsatira. Alimi ena amene anagulitsa fodya wawo kwa Fumbani chaka chimenecho anaseka mpaka kukhala pansi. Ochita mpikisano anamudutsa mmodzimmodzi. Agnesi anachepetsa liwiro, anaona wilo lake litang'ambika, anapitirira.

Anabwerako ali wachitatu, kumbuyo kwa azibambo awiri a pa boma. Sanaime kuti amuombere m'manja. Analunjika kushopu ya Haidari, anthu akumutsatira. Kumeneko Fumbani anali atakhala pabenchi, chigongono chitasupuka, munthu wina akumuchotsa zitsotso kumsana. Njinga yofiira inali itagonekedwa pansi.

Agnesi anagwada, anatembenuza wilo lakumbuyo, naloza pa habu pamene mchimwene wake anazokotapo chilembo cha dzina lake.

"Bambo Haidari, tizitsulo ta ku Lilongwe tija tafika?"

Haidari anatsegula pakamwa, koma Fumbani anamutsogolera.

"Ine sindikudziwapo kanthu, abale. Ndinauza mmisiriyu kuti andipezere mawilo abwino, iye n'kundiuza kuti ali nawo a m'shopu. Ndingadziwe bwanji kuti ndi akuba? Taonani, wangotsala pang'ono kundipha. Munthu ameneyu ngwoopsa."

Haidari anamuyang'ana ngati galu amene wamenyedwa ndi mwini wake. Kenako anayamba kudodoma, kuti mawilo amafanana, kuti mwina anasokoneza potenga, kuti m'shopu munali mdima.

"Munalibe mdima."

Anali Maimuna. Anali ataima pakhomo la golosale, manja ali m'chiuno.

"Mayi a Hasina, lowani m'nyumba," anatero Haidari.

"Ndinalowa kale tsiku lija, n'chifukwa chake tafika pano." Anatembenukira kwa anthu. "A Fumbani awa ananyamula wilolo ndi dzanja lawo, anafunsa mwini wake, anauzidwa. Anati kamtsikana kasawapitirire anthu akuona. Awa amuna anga anagulidwa ndi malaya mukuwaonawo, oti ngakhale dzina analemba molakwika. Wakuba ndi wotuma wakuba, onse ali pompano. Ndipo ine wachitatu, poti ndinamva n'kukhala chete." Anayang'ana Agnesi. "Pepani, mwanangu."

"Mayi, mukudziwa amene mukulankhula naye?" anatero Fumbani akuimirira.

"Ndikudziwa. Ndakuonani miyendo ili m'mwamba."

Anthu anasekanso, ndipo Fumbani anakhala pansi.

Nkhaniyi inapita ku komiti ya pamsika tsiku lomwelo. Agnesi anakana mawu onse opepesa. Anati iye sakufuna nkhuku, sakufuna mbuzi, akufuna wilo. Akuluakulu anagamula kuti amubwezere wilo lakumbuyo, ndipo awiriwo amupezere lina lakutsogolo la mtundu womwewo. Fumbani anavomera pamaso pa anthu ndi mawu okoma kwambiri, koma kuyambira tsiku limenelo pikapu yake inkadutsa pa Nkhamenya magalasi atakwezedwa. Akamuimbira ankati ali ku okishoni. Okishoni itatsekedwa ankati ali ku maliro. Matumba a feteleza aja nawonso opambana anachita kuwalondola kunyumba kwake, n'kupeza kuti ena ndi otsegula kale.

Mtolo wonse unagwera Haidari. Anagulitsa makina ake owotcherera zitsulo, amene ankawanyadira kuposa china chilichonse m'shopumo, n'kukwera basi ya ku Lilongwe. Kumeneko anazungulira mashopu a njinga zapamwamba, ndipo eni ake, atangomuona kuti ndi wakumudzi, anayesa kumugulitsa wilo la aluminiyamu lopakidwa penti yakuda. Anakangana nawo mokwiya kwambiri, n'kuwauza kuti alibe manyazi. Pomaliza anapeza la kaboni logwiritsidwapo kale ntchito, locheperako limu, losafanana ndi linzake. Agnesi analilandira pakhomo pa shopu, analizunguza, analigogoda ndi chala kuzungulira konse akumvetsera, kenako analinyamula n'kumapita. Kuyambira pamenepo njinga yake ikafuna mmisiri ankaikweza minibasi mpaka ku Lilongwe, kapena ankaimbira mchimwene wake pavidiyo n'kumakonza yekha pakhonde.

Kalabu ya njinga inafa osalengeza maliro. Fumbani anapachika njinga yofiira pabalaza, ndipo alendo ake ankawauza kuti anagwa chifukwa adani anamutchera mankhwala pamsewu. Febuluwale atafika anatulukanso ndi sikelo yake, ndipo alimi omwe anamuseka aja anamutsegulira zigafa, poti njala sikumbukira nthabwala.

Kunyumba, Haidari anakhala nthawi yaitali osalankhula ndi mkazi wake kupatula kufunsa madzi osamba. Anakadandaula kwa ankhoswe kuti wachititsidwa manyazi pagulu. Ankhoswe anamvetsera mbali zonse, ndipo mmodzi anafunsa kuti kodi manyaziwo anayamba pamene mayi analankhula, kapena pamene bambo anamasula wilo. Nkhani inathera pomwepo. Maimuna sanapepese, ndipo Haidari sanabwerezenso kudandaula.

Makasitomala sanathawe onse, chifukwa mmisiri wina wodziwa kuwongola limu analipo kutali. Koma chizolowezi chosiya njinga n'kupita kukagula zinthu chinatha. Tsiku lina kunabwera Lemani, bambo wa kabaza amene njinga yake inali yomangamanga ndi mawaya ndi malegeni, pedulo limodzi lili chitsulo chokhachokha. Ankafuna kumatitsa chubu. Anakoka kireti n'kukhala pafupi penipeni, maso ali pa manja a Haidari.

"Pitani mukamwe tiyi, a Lemani, muipeza yatha."

"Ayi, ndidikira pompano."

"Koma inu, panjinga ngati iyi ndingatengepo chiyani?"

Lemani anaiyang'ana njinga yake kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo, mofatsa, ngati akuwerengera chuma.

"Kaya," anatero. "Belu langali likulirabe bwino."